Chifukwa Chake Sindinkamwa Madzi pa Mota

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la farimasiya ina ku bairo, kapena kuti dera, la Francisco Manyanga, tsiku limene achemwali anandituma kukagula mankhwala a chifuwa. Apa n'kuti nditakhala mu Tete miyezi isanu ndi itatu, ndikugona pabalaza kwa achemwaliwo ku Degue, makalata ofunsira ntchito nditawamwaza m'maofesi ndi m'masitolo mpaka nsapato kutha chidendene. Kwathu ndi ku Angónia. Makolo anga anabwerera kumeneko kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo ine ndinakulira m'minda ya mbatata ya kachewere. Bambo analibe mwana wamwamuna wamkulu, choncho matumba opita kumsika ndinkanyamula ndine pa mota yawo, njinga yamoto, m'misewu yamatope ija.

Ndikutuluka m'farimasiyamo, panafika bambo wina wa ndevu za imvi pa mota yofiira, kumbuyo atamangirira kasha, bokosi lalikulu lonyamuliramo katundu. Pachiwongolero panali telefoni imene inkalira ngati mwanapiye. Sindinathe kudzigwira.

"Tiyu, korenti yanu yakhwepa," ndinatero.

Anawerama n'kukoka tcheni ya motayo ndi chala. Inalidi yokhwepa.

"Wadziwa bwanji iwe?"

"Ndaimva mukukhota apo."

Anaseka mpaka kuvula kapasete, chipewa cholimba cha pa mota chija. Awa anali Tiyu Amade, Msilamu wochokera kunyanja ya mchere, amene anabwera kudzayendetsa magalimoto a malasha ku Moatize. Ntchitoyo itatha sanabwerere kwawo, anagula mota. Chinyanja anachitola m'misewu akudutsa ku Malawi, ndipo ankachisakaniza ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi m'mawu amodzimodzi. Ataona kuti ndikudziwa mota, anandifotokozera za ntchito yawo yoperekera anthu katundu kudzera pa apulikativu ya m'telefoni, n'kundionetsa polembetsera.

Alamu anga anali ndi mota imene inkangokhala m'khonde, pakuti iwo ankapita kuntchito pa basi ya kampani. Anavomera kundibwereka. Ndinajambula chitupa changa, karita yoyendetsera, mapepala a mota ndi nkhope yanga, n'kutumiza. Palibe amene anandiitana kukandifunsa mafunso. Patapita masiku atatu uthenga unangobwera kuti konta yanga yatsegulidwa, ndikatenge kasha ndi kolete yowala yovala pamwamba pa malaya kuseri kwa sitolo ina. Ofesi mu Tete munalibe. Nditafunsa kuti bwana ndidzaonana nawo liti, Tiyu Amade anagogoda telefoni ndi chala.

"Bwana ndi ameneyu. Sapereka moni, sapita kumaliro."

Ntchitoyo imayenda chonchi. Munthu akaitanitsa chakudya kapena mankhwala, telefoni ya woyendetsa amene ali pafupi imalira. Imeneyo timati pedidu. Uli ndi kamphindi kochepa kuti uvomere. Ukavomera umathamangira kumalo ogulitsirawo, kuonetsa nambala, kuona ngati thumba lamatidwa bwino, kuliika m'kasha n'kulitsamiritsa kuti lisagubuduke. Kenako umatsata mapu mpaka pakhomo la kiliyente. Iye amakuuza kodigu ya manambala anayi, iwe n'kuilemba m'telefoni, apo ndiye ulendo watha. Pamapeto kiliyente amakupatsa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Nyenyezi zikachepa, kapena ukamakana mapedidu, telefoni imayamba kukhala chete, ndipo palibe amene amakuuza chifukwa. Gazolina ndi wako, tayala likaphulika ndi lako, ukagwa mwendo ndi wako.

Tinkadikirira mapedidu pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi pomwetsera gazolina. Panali amuna oposa khumi, a mitundu ndi mipingo yosiyana, mkazi ndinali ndekha. Tsiku loyamba lomwelo ananditcha Batata, ati anthu a ku Angónia timanunkhira kachewere. Dzinalo linakakamira mpaka lero. Sanandivutitse. Wina akayamba nthabwala zopyola malire, Tiyu Amade ankangotsokomola kamodzi, nkhani n'kusintha.

Iwowo ndi amene anandiphunzitsa zimene apulikativu siphunzitsa. M'mawa uliwonse kudina matayala ndi chala chachikulu, kudontheza mafuta pa korenti, kuyesa mabuleki onse awiri usanatuluke pamsewu. Dzuwa likakwera, kuphimba telefoni ndi kansalu konyowa, chifukwa kutentha kwa Tete kumazimitsa telefoni ngati kandulo. Usananyamuke, kulemba dzina la kiliyente ndi chizindikiro cha nyumba yake pamkono ndi cholembera, kuti telefoni ikafa usasochere. Mkati mwa kapasete yanga analembamo okha nambala yawo ndi ya achemwali. Ndipo pa zonse, madzi. Ankanyamula chigubu chachikulu chokulunga m'saka lonyowa, n'kumachiyendetsa kwa aliyense. Ngakhale mwezi wa Ramadani, iwo milomo itauma gwa, chigubucho ankabwera nachobe kuti ife timwe.

"Imwa ludzu lisanakupeze, Batata. Likakupeza ndiye kuti wachedwa."

Ine ndinkalandira chigubucho ndi manja awiri, kuchipendeketsa, kunyowetsa milomo, n'kubweza. Palibe anazindikira kuti sindimeza.

Chifukwa chake chinali chimbudzi. Anzangawo akafuna kutaya madzi ankangozungulira kuseri kwa mpanda n'kubwerako akuimba mluzu. Ine ndikanapita kuti? Sabata yoyamba ndinapempha pa malo ena odyera pamene ndinkatengapo chakudya tsiku ndi tsiku. Mlonda anayang'ana kolete yanga n'kunena kuti, "Chimbudzi n'cha makiliyente." Kwina anandiuza kuti kiyi wapita ndi abwana. Ku Degue n'kutali, kupita ndi kubwera ndiye kuti mapedidu awiri kapena atatu akudutsa, telefoni n'kukukwiyira. Ndiye ndinadzipezera njira yanga. Ndinkamwa tiyi theka la kapu m'mawa, basi, mpaka madzulo ndikafika kunyumba. Kuuza Tiyu Amade sindikanatha. Kwathu mwana wamkazi satchula zoterezi pamaso pa amuna, makamaka munthu wa msinkhu wa bambo ake. Ngakhale achemwali sindinawauze, poopa kuti alamu angandilande mota.

Miyezi yozizira njirayi inkaoneka ngati ikuyenda. Koma Okutobala atalowa, mutu unayamba kundiwawa madzulo alionse. Pofika Novembala, mvula isanagwe, thupi linayamba kukana. Kwa masiku atatu ndinkamva kuwotcha potaya madzi, ndipo madziwo anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. M'chiuno cha kumsana munkalasa. Ndinagula mapiritsi opha ululu n'kupitiriza.

Tsiku lovutalo linali Lachinayi. Dzuwa linatuluka ngati lakwiyira munthu. Pofika cha m'ma onze ora, dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, mbuzi zonse zinali zitabisala pansi pa magalimoto oimikidwa, phula likunata kunsapato. M'mawa womwewo apulikativu inali itatumiza uthenga wakuti amene sakana pedidu iliyonse masana onse adzakhala patsogolo kulandira mapedidu sabata yotsatira. Amuna ena anangoseka n'kugona pa mota zawo mumthunzi. Ine ndinali watsopano, nyenyezi zanga zinali zisanakhazikike, ndinati ndilimbe.

Nditapereka chakudya kawiri ku bairo la Filipe Samuel Magaia, telefoni inaliranso. Inali pedidu ya ku farimasiya, yopita kutsidya kwa Zambezi, ku Matundo. Mtsikana wa pafarimasiyapo anandipatsa kathumba kozizira, mkati muli mankhwala obaya a matenda a shuga, atawazinga ndi madzi oundana.

"Mana, awa asatenthe. Akatentha afa ntchito," anatero.

Ndinakakulunga kathumbako m'kapulana yanga, chitenje chimene ndinkayenda nacho, kukaika pakati pa kasha, n'kulemba pamkono: Dona Rozalina, geti lobiriwira, kuseri kwa chigayo. Tiyu Amade anali atapita ulendo wina, chigubu atachisiya patsinde pa nimu. Ndinachidutsa osachiyang'ana.

Pa ponte, mlatho wa pa Zambezi, ndinapeza mzere wa magalimoto. Minibasi ina inali itafera pakatikati, magalimoto ataima mbali zonse, ndipo apolisi sankalola ngakhale mota kudutsa m'mbali. Pamenepo palibe mthunzi. Pansi madzi a Zambezi ankanyezimira mpaka kuwawitsa maso, zitsulo za ponte zikutulutsa moto, injini pakati pa miyendo ikuwotcha. Kansalu ka pa telefoni kanauma. Ndinalibe madzi okanyowetsera. Ndinaona wotchi ya pedidu ikusanduka yofiira, kenako telefoni inalemba kuti yatentha kwambiri, n'kuzima.

Sindikudziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbuka n'chakuti thukuta linasiya kutuluka. Poyamba ndinakondwera, ndimvekere mwina thupi lazolowera. Kenako ndinayamba kumva kuzizira m'mikono, dzuwa lili pamutu. Mzere utayamba kuyenda, phazi langa linkachedwa kupeza giya.

Nditatsika ponte ndinayang'ana pamkono. Zolemba zinali zitafufutika theka, koma mawu akuti chigayo ndi Rozalina ankawerengeka. Ndinafunsa amayi ena ogulitsa masau ouma m'mbali mwa msewu. Anandilozera, koma mawu awo ndinkawamva ngati akuchokera m'chitsime. Ndinayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka mchenga, mapazi onse ndikukwakwaza pansi, ndikudziuza kuti ndikagwa ndigwere kumanzere kuti kasha isatseguke. Ndinamva phokoso la chigayo, ndinaona geti lobiriwira. Ndinaimika mota, kutsitsa mwendo wake, kutsegula kasha, n'kugogoda.

Anatsegula mayi wachikulire wonenepa, atavala magalasi. Ndinawapatsa kathumba kaja. Ndinafuna kunena kuti andiuze kodigu, koma lilime linakana. Geti lobiriwira lija linasanduka lakuda.

Ndinatsitsimuka ndili gone pamphasa m'khonde, kolete ndi nsapato atandivula, kapulana yonyowa ili pamutu ndi ina pachifuwa. Mayi aja ndi mpongozi wawo ankandikupiza ndi chivindikiro cha beseni.

"Muli tani, mwanangu? Mukundiona?" anafunsa m'Chinyungwe. Atamva mmene ndinayankhira anatembenukira ku Chinyanja. "Ndiwe wa kumapiri eti? Dzuka pang'ono. Imwa."

M'kapu imene anandipatsa munali madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga. Ndinanyowetsa milomo n'kubweza kapu, mwa chizolowezi. Dona Rozalina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali.

"Wamwa liti madzi lero?"

Ndinayamba kukonzakonza kapulana ya pachifuwa ija.

"Wataya liti madzi?"

Ndinayang'ana pansi. Anauza mpongozi wawo kuti akaone mphika kukhitchini, n'kusendera pafupi.

"Ine ndagulitsa nsomba zouma pamsika zaka zambiri kuposa zako zobadwa. Kale pamsikapo chimbudzi panalibe. Tonse amayi tinkachita zimene ukuchitazi. Mnzanga amene tinkayala naye limodzi anadwala impso, tinamuika m'manda ana ake ali aang'ono. Ukabisa matenda, maliro adzaulula. Chimbudzi chili kuseriko, n'chako. Tsopano imwa, umeze ndikuona."

Ndinamwa kapu yonse, ndiyeno yachiwiri, misozi ikugwera momwemo. Sikuti ndinkalira ululu ayi. Miyezi isanu ndinasenza chinthu chimenechi ndekha, ndipo mayi woti sanandionepo anachitchula dzina mosavuta ngati akutchula mtengo wa tomato.

"Mankhwala anu aja?" ndinafunsa.

"Afika ozizira. Ali mufiriji. Za iwo usadandaule."

Nambala ya m'kapasete anali ataiona kale n'kuimba. Posakhalitsa panja panalira mota, Tiyu Amade n'kulowa atakweza mnzathu wina wa pa nimu kuti adzatenge mota yanga. Anasiya pedidu panjira kuti abwere, ndipo ndinkadziwa chimene apulikativu idzawachite chifukwa cha zimenezo. Dona Rozalina sanawanyengerere. Anawaimika pageti n'kuwauza zonse, mokweza, zimene ine ndinalephera kunena miyezi yonseyo. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

Tiyu Amade anavula kachipewa kawo koyera, kukayang'ana, kukavalanso. Atabwera pamphasa sanandiyang'ane kumaso.

"Ndakuphunzitsa za korenti, za matayala, za telefoni," anatero motsitsa mawu. "Ndili ndi ana aakazi atatu kunyumba, koma ichi sindinachiganizeko. Undikhululukire, mwanangu."

Ananditengera kuchipatala pa txopela, kagalimoto ka matayala atatu, Tiyu Amade akutsatira pambuyo. Anandipeza ndi matenda a m'njira ya mkodzo amene anali atayamba kukwera, anandiika madzi a m'botolo, n'kundipatsa mapiritsi a sabata yathunthu. Namwino ananena kuti ndikanachedwa masiku ena ochepa nkhani ikanakhala ina.

Telefoni itazizira n'kuyaka, ndinapezamo mauthenga. Woyamba unkati ndachedwa. Wachiwiri unkati katundu sanaperekedwe, pakuti kodigu sinalembedwe. Wachitatu unkati konta yanga yaimitsidwa pamene akufufuza. Ndili chigonere kwa achemwali ndinalemba zonse zimene zinachitika, ndinatumiza ndi chithunzi cha pepala la kuchipatala. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lothokoza chifukwa cholemba, lonena kuti nkhani yanga ndi yofunika kwa iwo. Ndinalembanso mawa lake, yankho n'kubwera lomwelo, liwu ndi liwu. Dona Rozalina ndi amene anamasula kontayo. Anauza mpongozi wawo kuti azilemba madandaulo tsiku lililonse kuti mankhwala analandira, ndipo sadzaitanitsanso kanthu mpaka mtsikana uja abwerere pamsewu. Patapita masiku asanu ndi anayi konta inatseguka. Panalibe mawu opepesa, kapena ofunsa ngati ndachira.

Alamu anafunadi kundilanda mota. Achemwali anandikalipira tsiku lonse chifukwa chowabisira, kenako iwo omwewo ndi amene anandipemphera kwa amuna awo kuti andisiyire.

Tsiku limene ndinabwerera pa nimu, amuna aja ankapewa kundiyang'ana. Wina ankapukuta galasi loyera kale, wina ankayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Tiyu Amade anandipatsa kapepala kopindidwa, nkhope atayang'ana kumbali.

"Awa ndi makomo," anatero. "Sufunika kufotokoza kanthu. Ungogogoda n'kunena kuti ndine Batata."

Papepalapo panali nyumba zisanu, iliyonse ndi chizindikiro chake. Ya iwo eni, kumene kunali akazi awo. Saluni ya mlongo wa mnzathu wina ku Francisco Manyanga. Nyumba ya apongozi a winanso ku Filipe Samuel Magaia. Kasitolo ka nsalu ka mayi wina wa mumpingo wa mmodzi wa iwo. Ndi geti lobiriwira la ku Matundo. Ndinamva pambuyo pake kuti anakhala pansi onse n'kugawana mzinda, aliyense n'kukapempha kwa mkazi wa kwawo. Amuna akuluakulu, ena ndevu zili pachifuwa, kukagogoda kwa apongozi kukakamba nkhani ya chimbudzi. Mmodzi anandiuza kuti anazungulira nyumba ya apongozi ake kawiri asanalimbe mtima kulowa.

Makomo amenewo ndinawagogodadi, poyamba mwamanyazi, kenako ngati kwathu. Kwa akazi a Tiyu Amade sindinkatuluka wopanda kanthu m'manja, kaya ndi kamtanda ka mkate wa kokonati kapena madzi a malambe ozizira. Ku saluni ankandigwira kuti andikonze tsitsi limene kapasete inaphwanya. Kwa Dona Rozalina ndinkapita ngakhale popanda pedidu, ndipo asanandiyankhe moni ankayamba andipatsa kapu n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza.

Ntchitoyo sinasinthe. Telefoni imazimabe pa ponte, konta imatsekedwabe popanda wokufunsa, ndipo mnzathu wina atathyoka mwendo chaka chatha tinamusamala ndife a pa nimu. Tiyu Amade anasiya mota maso atayamba kuwavuta, pano amakhala pakhomo n'kumakonza mota za ena. Ine ndikadali pamsewu, pa mota yangayanga tsopano.

Chimene ndinatolapo n'chakuti apulikativu imadziwa pamene pali mota, mpaka kona ya msewu, koma sidziwa mmene alili munthu amene wakwerapo. Zimenezo amadziwa ndi anthu, ndipo nawonso amadziwa pokhapokha ukawauza. Anzanga aja sanali ouma mtima. Ankangodikira kuuzidwa, ine n'kumawabisira chifukwa cha ulemu umene ukanandipha.

Pano akazi pa nimu tilipo anayi, ndipo makomo aja achuluka. Mtsikana watsopano akabwera, za matayala ndi mabuleki ndimasiyira amuna, amazikonda. Ine ndimamukweza kumbuyo kwa mota yanga tsiku loyamba, telefoni titazimitsa, n'kuzungulira naye mzinda wonse khomo ndi khomo, kuti amayi a m'nyumbazo amuone nkhope. Womaliza kubwera, mwana wa ku Tsangano, anachita manyazi pakhomo loyamba, n'kundinong'oneza kuti iye safuna kuvutitsa anthu, akhoza kupirira mpaka madzulo.

Ndinamuuza kuti, "Ndikudziwa kuti ukhoza. Inenso ndinkatha. Tsika ugogode."